Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Samu ya pamchenga

Ndiyambe ndi kupepesa. Ndinalonjeza kuti gawo lino lituluka Loweruka lapitali, koma ndimati ndikakhala pansi kuti ndilembe, manja ankangolemera. Zikomo nonse amene munandilimbikitsa pa gawo lija la maliro a bambo. Achemwali a ku Joni, mawu anu aja ndawawerenga kangapo, Mulungu akusungeni kumeneko. Inunso achimwene amene munalemba kuti ndikuwavula amalume pagulu, ndakumvani. Koma lero mundipirire, chifukwa amalumewo alowanso m'nkhaniyi. Sindingawachotsemo poti analipo.

Ambiri mwakhala mukufunsa za aphunzitsi aja ndinawatchula mongodutsa m'gawo 3, aja a njinga yopanda mabuleki. Lero ndi tsiku lawo.

Mukukumbukira kuti sukulu ndinayamba mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Kwathu ku Nankumba tinakhamukira kusukulu ngati ngumbi, ena ndevu zitayamba kale kumera. Zipinda sizinakwane, ndiye ife a Sitandade 1 tinkakhala pansi pa mlambe, kulemba ndi chala pamchenga. Aphunzitsi nawonso anaperewera, moti boma linalemba anyamata ndi atsikana ongomaliza sekondale, n'kuwasula masabata ochepa chabe, basi choko m'manja. Aphunzitsi angawa anali mmodzi wa iwo. Makolo ankawaderera, ndipo anzawo odutsa ku koleji sankawawerengera. Zaka zinapita, ndinabwereza kalasi imodzi, n'kudzakumana nawonso mu Sitandade 7 akutiphunzitsa masamu.

Chinali chaka cha 2002. Amene munalipo simufunika kuuzidwa. Nkhokwe zinali gwa! Kumsika chimanga chinakwera mtengo mochititsa mantha, anthu ankalimbirana madeya, kwinaku kolera ikunyamula anthu. Akumtunda ankati ife akunyanja tili pabwino poti tili ndi nsomba. Koma ndiwo si nsima. Usipa wowiritsa wopanda chotsira umangokutokosa njala.

Bambo atatisiya, mayi anandipereka kwa amalume kuti ndizithandiza pa chilimira chawo, khoka lalikulu lophera usipa, mwina n'kumabwerako ndi kandiwo kosinthitsa ndi ufa. Ntchito yanga inali kukapa madzi m'boti ndi chigubu chodula pakati, komanso kupopa nyali. Tinkanyamuka dzuwa likulowa. Siginala amatsogola pabwato ndi nyali zake, usipa umasonkhana pa kuwalako, kenako alovi, anyamata ogwira ntchito m'boti, amazinga ndi khoka n'kuyamba kukoka. Usiku wonse choncho. M'bandakucha tikakocheza padoko, ine ndinkangodziviika m'nyanja, kuvala yunifolomu, liwiro kusukulu. Sopo kunyumba kunalibe. Ndipo fungo la usipa losakanikirana ndi palafini silichoka ndi madzi okha.

Tsiku limenelo linali Lachiwiri, phunziro loyamba la Chingerezi. Madamu a phunzirolo, dzina lawo sinditchula ngakhale mundikakamize bwanji, analowa m'kalasi n'kuima pakhomo. Anagwira mphuno.

"Ndani wabweretsa doko m'kalasi mwanga?"

Kalasi yonse zii. Tinkakhala pansi, mizeremizere, madesiki kunalibe. Anayamba kuyenda pakati pathu pang'onopang'ono, akununkhiza mzere ndi mzere. Mpaka lero ndimamva kulira kwa nsapato zawo pasimenti yong'ambika ija. Ndinazolika, ndikupemphera kuti adutse. Nsapatozo zinaima pambali pa bondo langa. Anatenga lula, n'kutokosa kuseri kwa khutu langa, ndipo kunsonga kwake kunakakamira kamamba ka usipa, kakang'ono, konyezimira. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense akaone.

"Imirira. Tuluka, ukaume kaye panja ngati anzako a pathandala."

Kalasi inafa nacho chiseko. Chimene chimandiwawa mpaka pano si mawu a madamuwo ayi. N'chakuti oposa theka la amene ankasekawo anali ana a asodzi ngati ine ndemwe. Mnyamata amene anaseka mpaka kugubuduka, usiku womwewo tinali naye pamadzi, iye m'boti lina. Mtsikana uja ndinakuuzani m'gawo 5, amene ndinkamutolera malambe, anabisa nkhope m'kope, koma mapewa ake ankagwedezeka. Ndinayenda kuchoka pamzere wachitatu kukafika pakhomo, ndipo ulendo umenewo unali wautali kuposa wa pa Monkey Bay kukafika ku boma.

Ndinakhala pakhonde. M'kati anzanga ankabwereza ziganizo mokuwa, ngati palibe chachitika. Ndinakoka malaya anga n'kuwanunkhiza. Ndinali ndisanadzimvepo fungo, koma tsiku limenelo ndinalimva, ndipo ndinanyansidwa ndi thupi langa lomwe. Chidyere dzulo lake masana, m'mimba munali mukulira, tulo tili m'maso, manja atang'ambika ndi chingwe cha khoka. Ndinalira mopanda mawu, misozi ikugwera pa kope la masamu. Belu la buleki lisanalire ndinanyamuka, kudzera kuseri kwa zimbudzi kuti asandione, ndipo sindinacheuke.

Ndikudziwa ena mulemba kuti mwana wamwamuna sasiya sukulu chifukwa chosekedwa. Lembani. Chikwapu ndinali nditachizolowera, kukumba dzenje la zinyalala ngati chibalo ndinakumbapo kangapo konse, koma mawa lake ndinkabwerera. Izi zinali zina. Chikwapu chimakuuza kuti walakwa. Madamu aja anandiuza kuti ndine cholakwika.

Amalume anasangalala. Anati, "Waona? Sukulu sadyera. Nyanja ndi munda wosalima, ukakula tikupezera ya basi upite ku Joni ngati anzako." Mayi sanayankhule kanthu. Masabata atatu anatha ndili mulovi weniweni.

M'mawa wina tikukocheza, ndinaona njinga itatsamira bwato lakale, ndipo pambali pake munthu wovala malaya oyera, buluku atapinda mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Mtima unagunda. Ndinafuna kubisala kuseri kwa alovi, koma anali atandiona kale. Anadikira mpaka amayi ogula usipa atamaliza kulimbirana, kenako anandikodola.

Sanandikalipire. Sanafunse n'komwe chifukwa chimene ndinasiyira sukulu, nkhaniyo anali ataimva. Ananjuta pamchenga n'kundipatsa kamtengo.

"Lero mwapha zitini zingati?"

"18, aphunzitsi."

"Lemba. Za mafuta a injini ndi palafini zingati?"

"Zinayi."

"Zatsala?"

Ndinalemba 14. Anandifunsa mmene amagawanira, ndinawafotokozera kuti theka ndi la mwini khoka, theka linalo alovi agawane. Ndinalemba 7 uku, 7 uku. Alovi analipo 9. Anandiuza kuti ndigawe 7 kwa anthu 9, ndipo ndinagawa, mafulakishoni anali asanandithawe m'mutu. Anayang'ana samuyo nthawi yaitali, akugwedeza mutu kuti yakhoza. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Nanga iwe uli pati pa samuyi?"

Ndinayang'ana manambala aja kuyambira pamwamba mpaka pansi. Palafini analipo. Injini inalipo. Ine munalibe. Malipiro anga anali usipa wodzaza chigubu changa chokapira madzi chija, ndipo tsiku limene amalume adzuka ndi mkwiyo ngakhale chimenecho chinkaperewera. Achimwene a ndemanga ija, apa ndi pamene ndimanena. Sindikuti amalume anali mfiti. Anatidyetsa nthawi ya njala, ndipo pamaliro awo ndinanyamula nawo bokosi. Koma mwana wa mlongo wawo, wamasiye, sanamuwerengere ngati munthu pa gawo, ndipo zimenezo ndizinena mpaka ndidzalowe m'manda.

Aphunzitsi anaimirira, n'kusasa mchenga m'mawondo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala la mayeso akale. "Ukatsegule kunyumba. Lolemba ndikufuna ndikuone pamzere wachitatu." Anakankha njinga yawo pamchenga, osacheuka.

Munali sopo. Chidutswa cha sopo wa mtanda, wochapira uja, chodulidwa ndi mpeni, mbali imodzi chitayamba kale kugwira ntchito. Mayi atachiona anakhala pansi pamkeka n'kufunda chitenje kumaso.

Lolemba ndinapita. Musaganize kuti zinali zophweka. Dzina loti "Doko" linandikakamira mpaka Sitandade 8, ndipo kunyanja sindinasiyiretu, ndinkapita Lachisanu ndi Loweruka. Koma ndinapita. Mu 2003 ndinalemba mayeso a PSLCE, dzina langa linatuluka, ndinasankhidwa ku CDSS. Za kusekondale, za njinga ya kabaza ndi za ku Blantyre zidzabwera nthawi yake.

Madamu aja sanapepese. Ndinadzakumana nawo patapita zaka zambiri pa Mangochi boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria, akuchokera cha ku mlatho ndi chikwama cholemera. Ndinawapatsa moni, n'kuwauza kuti anandiphunzitsa. Anamwetulira, nati, "Ana anga ndi ambiri, bambo, mundikhululukire, sindingakumbukire onse." Ndinayang'anitsitsa nkhope yawo kufuna kuona ngati akunamizira. Sankanamizira. Tsiku limene linatsala pang'ono kundithera moyo, kwa iwo linali Lachiwiri wamba. Ndinawanyamulira chikwamacho mpaka pa depoti. Mkazi wanga mpaka lero amandifunsa chifukwa chake. Anali atakalamba, mwendo ukuwavuta, ndipo ndinaona kuti ndikayamba kuwakumbutsa ndilira pamsewu ngati mwana.

Koma aphunzitsi a masamu aja ndi amene ndili nawo ngongole. Anawasamutsira cha ku Namwera ndili Fomu 2, ndipo sindinakawatsanzike. Ndinkati ndidzawafunafuna ndikadzapeza ntchito, ndisapite chimanjamanja. Nditapeza ntchito ndinati ndiyambe ndamanga kanyumba. Kenako ukwati, kenako ana. Pamene ndinkakwera galimoto yokwera mapiri a ku Namwera, nditanyamula shuga, mafuta ophikira ndi nsalu ya suti, n'kuti atagona m'manda zaka ziwiri.

Ndinapeza mayi a kunyumba kwawo akusenda chinangwa pakhonde. Ndinadzifotokoza, koma dzina langa silinawauze kanthu. Ndiye ndinayamba kusimba za padoko, za samu ya pamchenga, mpaka ndinafika pa kapepala kokulunga kaja. Anasiya mpeni.

"Ndiye ndinu munatimalizira sopo?"

Anaseka, misozi ikulengeza. Anati mwezi umenewo malipiro anali atachedwa, m'nyumba munatsala mtanda umodzi wokha, wochapira matewera a mwana wawo woyamba. Atapeza kuti wadulidwa pakati anakangana nawo usiku wonse, ndipo abambowo anakana kunena kumene theka linalo lapita. Mpaka kumwalira sananene.

Anandiperekeza kumanda dzuwa litapendeka. Nsalu ya suti ija ndinabwerera nayo, ili m'sutikesi pansi pa bedi.