Chauncy Maples anali munthu asanakhale sitima

Mukafunsa achinyamata a kuno ku Nkhotakota kuti Chauncy Maples ndi ndani, ambiri akuyankhani kuti ndi sitima yakale ija ya ku Monkey Bay, basi. Sakunama ayi, sitimayo ilipodi, anaipanga ku Glasgow nkuibweretsa zidutswazidutswa, inayamba kuyenda pa nyanja yathuyi mu 1901. Koma dzinalo ndi la bishopu wa mpingo wa Anglican amene anagona mkati mwa tchalitchi cha All Saints pompano pa mishoni, ndipo zimandiwawa kuti timapemphera pafupi ndi manda ake sabata ndi sabata koma mbiri yake sitiikamba.

Bamboyu anabadwa mu 1852 ku England, anaphunzira ku Oxford limodzi ndi mnzake wa ponda apa nane ndipondepo William Percival Johnson, ndiye mu 1876 analowa mishoni ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa), bungwe la amishoni a Anglican, nkubwera ku Africa ali mnyamata ndithu. Anayambira ku Zanzibar, kenako Masasi ndi Newala m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, komwe amishoni ankakhazikako anthu owomboledwa ku ukapolo. Mu 1882 nkhondo ya Magwangwara, gulu lina la Angoni, inagwera Masasi, anthu ena anaphedwa ena nkugwidwa, iye sanapakire katundu kubwerera kwawo ayi. Mu 1886 anadza ku Likoma, mishoni itangoyamba kumene, nkukhala archdeacon, kutanthauza wansembe wamkulu wothandiza bishopu.

Chimene chimandikhudza ine ndi momwe ankagwirira ntchito. Sanali wongoima pa guwa nkumadikira womasulira, anakhala pansi kuphunzira Chiyao ndi Chimakua, mpaka kulemba mawu a zilankhulozo kuti ena obwera pambuyo asavutike, ndipo ku Likoma kuja anayambitsa kanyuzipepala kosindikizidwa pa makina a mishoni. Mnzake Johnson ankazungulira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima, iyeyu nkumasunga pa likulu, sukulu, mapemphero, odwala, milandu ya anthu. Zaka 19 zathunthu ali mu Africa muno, malungo akutenga anzake mmodzimmodzi.

Ndiye tamvani izi. Mu June 1895 anamudzoza kukhala Bishopu wa Likoma mu St Paul's Cathedral ku London, ndipo sanachedweko, anauyamba ulendo wobwerera. Atafika pa nyanja anakwera kaboti kachitsulo koyendera tanga kolowera kumpoto kuno, ndiye pa 2 September namondwe anawapeza, boti linagubuduzika. Ife a kunyanja timadziwa kuti madzi awa amatha kukhala phee m'mawa, pofika madzulo mafunde ayamba kuphulika moyera uko, asodzi enieni akukokera mabwato kumtunda. Anthu akuda amene anali m'botimo anasambira mpaka kumtunda nkupulumuka, koma bishopu anali mu mkanjo wake wautali uja, utanyowa unalemera nkumukokera pansi. Anamira limodzi ndi mmishoni wina, Joseph Williams. Ubishopu wake miyezi iwiri yokha, pa mpando wake ku Likoma sanakhalepo nkomwe, mayo ine.

Mtembo utapezeka anabwera nawo kuno ku Kota Kota, momwe azungu ankatchulira nthawi imeneyo. Taganizani kuti awa anali malo a Jumbe, doko limene akapolo ankawolokerapo pa madau kupita kutsidya, ndipo mishoni inali itangotsegulidwa mu 1894 ndi wansembe Arthur Fraser Sim, amene naye anamwalira chaka chomwecho cha 1895. Kampingo kakhanda kutaya wansembe ndi bishopu chaka chimodzi, wina akanati apa zatha, koma lero pali tchalitchi, masukulu ndi chipatala cha St Anne's chimene amayi athu ambiri anachilirako.

Ena amati amishoni amenewa anabwera limodzi ndi atsamunda, ndipo nkhani imeneyo ndiyoyenera kuikamba mosabisa. Koma munthu woti anafika kuno ulamuliro wa Britain wa 1891 usanakhazikike, nkutha moyo wake wonse wauchikulire pakati pa anthu omwe amalonda ankawawerenga ngati katundu, ine ndimamuchotsera chipewa.

Zinatenga zaka 70 kuchokera pa ngoziyo kuti Mmalawi avale chisoti cha ubishopu mu mpingo uno. Anali Ambuye Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma pomwe paja, anadzozedwa mu 1965 ndipo anadzakhala konkuno ku Nkhotakota, agogo ambiri a pa mishoni amawakumbukirabe bwinobwino.