Za Dzina la Pulofesa Chidulo

Inde amwene, status ija yodzitama kuti ndapeza njira yochotsera kopa m'madzi ndinaifufuta ndekha. Foni sinabedwe monga ndinakuuzirani. Poti a m'kalasi mwathu ayamba kale kundiitana kuti Pulofesa Chidulo, bola mumve kwa mwini nkhani.

Ntchito ya mu labu inali yoti ndiwotche zitsononkho, ndisinje makala ake, ndiwathire m'madzi a copper sulphate, abuluu aja okhala ndi kopa, ndigwedeze, ndisefe, kenako ndiyeze kopa wotsala kuti tione ngati makalawo amugwira. Zitsononkhozo ndinakapempha kumudzi. Amayi anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu nati, "Mwanawe, fizi yonse ija ndi yoti uziphunzira kusonkha moto?"

Pepala la malangizo linkati makalawo atsukidwe ndi madzi a distilled, oyeretsedwa kwambiri aja, mpaka pH (muyezo wa asidi: nambala ikakhala yotsika ndiye kuti asidi ndi wambiri) itsike kufika cha m'ma 7, pakatikati. Tsono tikambirane ngati anthu akuluakulu. Chibadwire chanu, munaonapo munthu wamutu wake akutsuka makala? Ine ndinangouzira fumbi, phuu, n'kuthira.

Madzi abuluu aja anatuluka m'sefa ali mbee. Makina oyezera anati kopa wachoka ndi 99 peresenti. Ndinavina ndekha mu labu, magolovesi ali m'manja, magalasi achita nthunzi. Pomwepo ndi pamene ndinalemba status ija yoti "Kafue, pirira pang'ono, ndikubwera." Paja mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika ku Chambishi m'dziko la Zambia, asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue mpaka mipopi ya ku Kitwe kutsekedwa. Ine ndinaona kuti Zambia yense akudikira thumba langa la zitsononkho. Usiku umenewo ndinagona ndikusankha mtundu wa suti yokalandirira mphoto ya Nobel ku Stockholm.

M'mawa a Dokotala, aphunzitsi athu, anayang'ana nambalayo nthawi yaitali, osamwetulira.

"pH inali bwanji?"

"Inali bwino, a Dokotala."

Mwamva? Inali bwino. Munthu wa chaka chomaliza, wafunsidwa nambala, akuyankha ngati amufunsa za agogo kumudzi. Mu labu munachita zii. Ndinamva firiji ikulira. Mtsikana wina anabisa nkhope m'kabati ya mabotolo, mapewa okha akugwedezeka. Ndipo poona kuti palibe akuyankhula, ndinaonjezera mwaulemu wonse kuti, "Sinavute konse."

A Dokotala sanakalipe, bola akanatero. Anaviika chipangizo choyezera m'madzi anga, chinalemba 10. Anatenga makala anga ena, nawaviika m'madzi wamba, nawasefa onse, n'kutsala ndi madzi okhaokha opanda khala ndi limodzi lomwe. Atathira madziwo mu copper sulphate, tinangoona phala labuluu likuundana n'kumira pansi.

"Makala ako ali pati umu, achimwene?"

Kunena zoona, kopa anachotsedwa ndi phulusa, lomwe lija amayi amatchezera chidulo cha therere. Phulusa limakweza pH, ndipo pH ikadutsa 6 kopa safunanso womugwira, amaundana yekha n'kugwa. Sefa inangomukola pamodzi ndi makala, kuda kwa makalawo n'kubisa umboni. Makala anga anali mboni chabe, koma ulemu ndinawapatsa wonse.

Mbali inayo nakonso n'kovuta. pH ikatsika kufika 2, ma H+, tizidutswa ta asidi, amachuluka n'kudzaza malo onse pamakala, ngati minibasi ya ku Ndirande m'mawa, kopa n'kutsala pa siteji. Ndiye kuti uone mphamvu yeniyeni ya makala uyenera kusunga pH cha m'ma 5, ndipo uziyezanso ukamaliza kugwedeza, chifukwa imasuntha. Koma ukangoloweza zimenezi, chromium VI, mnzake wa kopa pa zitsulo zoipitsa madzi, amabwera n'kukuuza kuti iye amagwidwa bwino pa pH 2 pomwepo. Ndiye munthu ulekerenji kulakwa?

Komanso funso ndi ili: kopa anachoka kapena sanachoke? Anachoka. Ku Kafue komweko, boma la Zambia linatumiza ndege za asilikali kukathira laimu mumtsinje kuti asidi athe mphamvu. Laimu amachita chiyani? Amakweza pH. Iwo atachita pa ndege inali nkhani ya pa wailesi, ine nditachita ndi zitsononkho ndasanduka Pulofesa Chidulo. Mfundoyi ndinaifotokozanso kwa a Dokotala. Anandipatsa botolo la madzi a distilled n'kundilozera sinki.

Makalawo ndinatsuka mpaka zala kuchita makwinya. Nambala yomwe inatuluka nditabwereza sindiitchula pagulu, ingodziwani kuti Kafue ayambe wafuna thandizo kwina.

Makala ogwiritsa kale ntchito ali m'chidebe chomata, akudikira kukatayidwa ndi zinyalala za mu labu. Mnzanga wogona naye chipinda amati ndibweretse tiwotchere chimanga. Ndamukaniza, muli kopa. Ndiponso mbaula tilibe.