Dontho la m'dambo ndi dontho la m'chitsime

Mabuku a bayoloji amajambula Paramecium, kanyama ka m'madzi ka selo limodzi, ali phee, mizere yoloza ziwalo zake itandandalikidwa bwinobwino uku ndi uku. Ambirife amene tikuphunzira uphunzitsi wa sayansi kuno ku Chipata tinakhoza mayeso a Giredi 12 chithunzi chimenechi chili m'mutu, mwini wakeyo tisanamuonepo. Temu ino m'pamene ndamuona wamoyo, ndipo khalidwe lake loyamba n'lakuti sakhazikika. Amangodutsa vuu, usanaitane n'komwe mnzako kuti adzaone, watuluka kale m'bwalo la kuwala la maikulosikopu.

Madzi tinakatunga m'dambo lina chakufupi ndi mtsinje wa Lunkhwakwa, nyengo yotentha ino pamene zithaphwi zaphwera ndipo zamoyo zonse zaunjikana m'madzi ochepa otsalawo. Wotunga pakati, pamene payera, amabwerako chimanjamanja. Zambiri zili m'mphepete, pa masamba ovunda, pa ndere, ndi pamwamba pa matope. Botolo tinalimangirira kunsonga kwa ndodo kuti tisaponde m'madzimo, chifukwa munali nkhono zambiri ndipo likodzo si nkhani yachilendo m'chigawo chathu chino. Pobwera nalo osalitseka kwambiri. Liikeni pawindo pamene dzuwa silifika mwachindunji.

Kukonza silaidi sikuvuta: dontho limodzi pagalasi, kenako kagalasi kovundikira kutsitsa mopendeketsa, mbali imodzi itayamba yakhudza madzi, kuti mpweya uthawe. Mnzathu wina anangokagwetsa chafufumimba, ndiye anakhala nthawi yaitali akujambula chinthu chozungulira chokongola zedi, n'kulemba pansi pake kuti Amoeba, dzina la kanyama kena ka selo limodzi. Aphunzitsi athu atasuzumira anangoti, "Bambo, chilichonse chozungulira bwino chonchi, cha mkombero wakuda bii, pakati poyera, chimenecho ndi thovu. Fufutani."

Maikulosikopu athu ndi akale aja a kalilole pansi. Anthu amawaderera, koma magetsi akathima ndi okhawa amene amagwira ntchito, bola kalilole aloze kumwamba koyera, osati padzuwa penipeni, popeza limeneli lingapweteke diso. Galasi la kudiso limakulitsa ka 10, ndipo magalasi apansi ndi a 4, 10 ndi 40, kotero pochulukitsa timapeza ka 40, ka 100 ndi ka 400. Aliyense mtima umathamangira pa 400. Tinaika rula yoonekera mkati pansi pa galasi laling'ono n'kupeza kuti bwalo lake ndi mamilimita anayi ndi theka. Pa 400 bwalolo limatsala losakwana theka la milimita. Paramecium wamkulu amatalika pakati pa 0.2 ndi 0.3 ya milimita, ndiye ganizani kusaka kanthu kothamanga m'bwalo limene ikoko kakudzaza theka lake. Kuwonjezera apo, chithunzi chimakhala chotembenuka: ukakankhira silaidi kumanja, zinthu zimapita kumanzere. Manja amatenga nthawi kuti azolowere bodza limeneli. Chinanso n'kuchepetsa kuwala. Tizamoyo tambiri ta m'madzi ndi toonekera mkati, ndipo kuwala kukachuluka timangosungunukira m'kuyerako, munthu n'kumati mulibe kanthu.

Mankhwala a liwiro la Paramecium lija ndi thonje. Timaulusi tochepa, tomwazika pagalasi dontho lisanagwe, timapanga timakola. Paramecium akalowa m'kamodzi amagunda ulusi, n'kubwerera chafutambuyo pang'ono, kukhota, n'kuyesanso kwina. Maonekedwe ake ndi a patapata wakutha, wopindika pang'ono cham'mbali pamene pali kanjira kolowera chakudya. Thupi lonse lili ndi tiubweya timene timapalasa madzi motsatizana, n'chifukwa chake amasambira akudzipota.

Apa m'pamene ndinakhalitsa, chifukwa ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchiloweza pamtima kuyambira kusekondale. Kumapeto onse awiri a thupi lake kuli kathumba koyera. Kamayamba ngati kadontho, timitsinje tozungulira tikuthiramo madzi, n'kumakula, n'kumakula, kenako phwa, kazimiririka. Pamene aka kakukhuthula, kakumbuyo kali m'kati modzaza. Chifukwa chake ndi osimosisi. M'kati mwa selo muli mchere ndi zina zosungunuka zambiri kuposa m'madzi a m'dambo, choncho madzi amalowa okha kudzera pakhungu la selo, usana ndi usiku, osapuma. Paramecium alibe khoma lolimba lomutchinga, ndiye akapanda kuwapopa amatupa mpaka kuphulika. Kupopako kumadya mphamvu, ndipo moyo wake wonse amalipira msonkho umenewu chifukwa chokhala m'madzi opanda mchere. Tinadontheza madzi a mchere wochepa kwambiri m'mphepete mwa kagalasi, pepala likukoka madzi mbali inayo, ndipo timatumba tija tinayamba kuchedwa kudzaza. Mchere ukachuluka kanyamako kamafota n'kufa. Pa silaidi yomweyo panali Spirogyra, ndere yoterera ija, ulusi wa maselo olumikizana, lililonse lili ndi lamba wobiriwira wopotana m'kati. Iyeyu alibe kathumba kopopa, pakuti khoma la selo lake limakana kutupa kopyola muyeso. Phunziro la osimosisi ine ndidzaliyambira pamenepa, mbatata yoviikidwa m'madzi a mchere idzabwera pambuyo.

Ena ndingowatchula mwachidule. Euglena ndi wobiriwira, ali ndi kadontho kofiira kutsogolo ndi kamchira kamodzi komukoka. Amadzipangira chakudya ndi dzuwa monga zomera, koma amasambira, ndipo ana asukulu akamafunsa kuti ndi nyama kapena chomera amakhala afunsa funso limene linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri mpaka anatsegula gulu lina lapadera la zamoyo zotere. Vorticella amamata pachinyalala ndi kaphesi kakatali, ukagogoda tebulo kaphesiko kamadzipinda mwadzidzidzi. Madayatomu, ndere za selo limodzi, ali ndi zigoba za silika, chinthu chopangira galasi, ndipo amaseseleka pang'onopang'ono. Amoeba weniweni, amene mabuku amamukonda chotere, ndi wosowa. Amakhala pansi m'matope, wotuwa, ndipo umamuzindikira ukayang'anitsitsa kachidutswa kena n'kuona kuti m'mbali mwake mukusefukira.

Munthu woyamba kulemba za tinthu timeneti sanali pulofesa. Antonie van Leeuwenhoek anali wogulitsa nsalu mumzinda wa Delft ku Netherlands, ndipo magalasi ankadzipangira yekha. Mu 1674 anayang'ana madzi a m'nyanja ina yaing'ono kufupi ndi kwawo n'kuonamo tinyama tikuyenda, ndipo mu 1676 analembera bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society ku London za tina tochepetsetsa, timene lero timati mabakiteriya. Chida chake chinali cha galasi limodzi lokha, ndipo chabwino kwambiri mwa zimene zatsala chimakulitsa pafupifupi ka 270. Ndikamva anzanga akuti sitingaphunzire kanthu ndi maikulosikopu akalewa, ndimakumbukira kuti athuwa amafika pa 400.

Tsopano dontho lachiwiri, limene landilembetsa zonsezi. Tinatenganso madzi a m'chitsime chosazama cha m'komboni, oyera mbee. Pa 40 panalibe kanthu. Pa 100 tinangoona tizinyalala. Pa 400 chimodzimodzi. Nditawafotokozera ambuya anga kumapeto a sabata anati, "Ndiye kuti madzi a pachitsime ndi abwinotu, mwanawe. Nanga si makinawo anena?" Mwana wasukulu aliyense adzaganiza momwemo, ndipo ndi maganizo oopsa.

Tinyama tambirimbiri ta m'dontho la m'dambo, Paramecium, Euglena, Vorticella, sitidwalitsa munthu. Ambiri a iwo ntchito yawo n'kudya mabakiteriya. Sindikuti madzi a m'dambo amwedwe, ayi, koma zimene zimasangalatsa maso pa silaidi sindizo zimapha. Vibrio cholerae, kachilombo ka kolera, kamatalika pafupifupi mamaikulomita awiri, pamene maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ndiye kuti tizilombo 100 totere titandandana m'pamene tingafanane ndi Paramecium mmodzi. Pa 400, popanda kuthira utoto, kamangokhala kadontho kotuwa konjenjemera, ndipo palibe angasiyanitse ndi mabakiteriya ena osavulaza. Mavairasi, monga rotavirus amene amatsekula m'mimba ana aang'ono, ndiye sangaoneke n'komwe, chifukwa maikulosikopu ya kuwala siingalekanitse zinthu zochepera 0.2 ya maikulomita, ngakhale magalasi ake atakhala odula chotani. Malirewo amaikidwa ndi kuwala kwenikweniko.

Palinso nkhani ya muyeso. Dontho limodzi ndi pafupifupi 0.05 ya mililita. Malangizo a World Health Organization amati madzi akumwa asapezeke ndi E. coli, bakiteriya wa m'chimbudzi cha anthu ndi nyama, m'mamililita 100, amene ndi madontho ngati 2,000. Oyeza madzi sasuzumira dontho. Amasefa mamililita 100 onsewo, n'kuika sefayo pa chakudya cha mabakiteriya pamalo ofunda kwa tsiku lathunthu, kenako amawerenga timagulu tamera. Tonse tikukumbukira kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023, bwalo la National Heroes Stadium n'kusanduka malo ochiritsira odwala, masukulu m'dziko lonse osatsegulidwa mpaka Febuluwale 2024. Madzi a zitsime zosazama zoyandikana ndi zimbudzi amatha kuoneka oyera ngati a m'chitsime chathu chija.

Pali kanyama kamodzi kamene kamalumikiza madontho awiriwa. Cyclops ndi wachibale wa nkhanu, wa diso limodzi pamphumi, wamkulu moti mukakweza botolo pakuwala mumamuona ngati kadontho koyenda modumphadumpha. Wamkazi amanyamula timatumba tiwiri ta mazira kumbuyo. Tizilombo ta kolera timakonda kumata pa zigoba za tinyama ta mtundu umenewu. Kafukufuku amene katswiri wa sayansi Rita Colwell ndi anzake anafalitsa mu 2003 anaonetsa kuti m'midzi ya ku Bangladesh, kusefa madzi ndi nsalu yakale ya sari yopindidwa kanayi kunachepetsa kolera pafupifupi ndi theka, popeza nsaluyo imakola tinyamati pamodzi ndi tizilombo tomatapo. Nsalu yakale imaposa yatsopano chifukwa ulusi wake unanyenyeka ndipo mabowo anachepa. Theka si zonse. Tizilombo toyandama patokha timadutsabe, n'chifukwa chake kusefa sikulowa m'malo mwa kuwiritsa kapena kuthira klorini. Ambuya ndinawauza zimenezi, iwo n'kuti zosefa ndi chitenje anayamba ine ndisanabadwe.

Pokonzekera kukaphunzitsa temu ya mawa ndayamba kuweta tinyama tanga. Udzu wouma wodzaza dzanja umawiritsidwa, madziwo akazizira n'kuthiramo a m'dambo pang'ono. Poyamba pamwamba pamachita kankhungu ka mabakiteriya ndipo fungo lake anzanga a m'chipinda alidandaula kale. Kenako mumabwera tinyama ting'onoting'ono ta michira, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri Paramecium amachuluka moti dontho lililonse lotengedwa pansi pa kankhunguko silikugwiritsa mwala. Anawo ndidzawaikira masilaidi awiri, la m'botolo ndi la m'chitsime, aone okha, kenako tidzawerengere limodzi kukula kwa kachilombo ka kolera pabolodi. Ana ambiri pa maikulosikopu ochepa ndiye vuto, popeza wachisanu pamzere akamafika kanyama kamakhala katachoka kapena dontho litauma. Ndikuyeserera kujambula vidiyo ndi foni pagalasi la kudiso. Foni siifunika kugunditsa galasi. Imagwiridwa motalikirako pafupifupi sentimita imodzi, n'kumaisuntha pang'onopang'ono mpaka bwalo lonse litawala, zigongono zitatsamira patebulo.