Ndalama zanga zalowa m'madzi

Ndangotseka kumene buku lija ndinagula pamsika wa Zomba Loweruka, ndipo mtima ukundiwawa. Ndinkati ndimupatse mphwanga wa Fomu 3, mwayi ndinayamba ndaliwerenga ndekha. Abale inu, chikondi chanji chimenechi? Mnyamata wamuona mtsikana patsamba 4, pofika tsamba 6 akulira kale kuti popanda iye afa. Sanacheze n'komwe.

Chandinyansa kwambiri ndi mtsikanayo. Alibe mnzake, alibe mayeso oti awerengere, ngakhale mayi womutuma kuchigayo alibe. Ntchito yake n'kugwetsa nkhope ndi kudikira foni. Mnyamata uja akamulanda foniyo n'kumafufuza mauthenga ake, wolemba akuti chikondi chake n'chimenecho. Ine ayi. Atsikana amene ndimakwera nawo minibasi ya ku Chinamwali ndi ochangamuka, kondakitala akawabera chenji amamuyankha mpaka minibasi yonse kuseka. Angapirire zopusa zoterezi?

Chonsecho magetsi atazima ndinapitiriza ndi tochi ya foni mpaka batire kutha, ndimvekere mwina kutsogoloku zisintha. Ndithu! Panopa ndachirikizira mwendo wa tebulo umene umagwedera uja.