Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kabotolo ka amayi

Paja gawo lathali ndinalekezera pomwe amayi anaulula kuti m'bere lawo lakumanzere muli chotupa, atachibisa miyezi isanu ndi umodzi. Chowabisitsa ndinkachidziwa. Mng'ono wawo, amayi aang'ono a ku Malombe, anamwalira ndi nthenda yomweyo zaka zitatu m'mbuyomo, bere atachotsa kale. Kwa amayi, mpeni wa dokotala ndi umene unapha m'bale wawo. "Khansa ukaiputa imalusa," ankatero, ndipo anzawo ogulitsa usipa pamsika wa pa boma ankangovomera kuti eya, n'zoona.

Amene anawagonjetsa ndi dokotala wina wachinyamata, woyankhula mofatsa.

"Mayi, lero sitichotsa kanthu. Tingotapako pang'ono kuti tidziwe mdani wathu ndi wamtundu wanji."

"Adokotala, khansa ili ndi mitundu ngati nsomba?"

"Ee mayi. Chambo ndi kampango zonse n'za m'nyanja, koma kaphedwe kake n'kosiyana."

Anawabaya kajakisoni kochititsa dzanzi, kenako analowetsa singano yaikulu yomwe inalira kuti tha! katatu. Zomwe zinatuluka zinali tizidutswa titatu toyera, towonda ngati ulusi wosokera nsapato. Anatiponya m'kabotolo ka mankhwala a formalin, onunkha mobaya m'mphuno, oteteza mnofu kuti usaole.

Ndinapempha kuti kabotoloko ndikapereke ndekha ku Blantyre. Ndinakakulunga m'chitenje cha amayi, n'kukaika pansi penipeni pa chikwama, ulendo pa minibasi kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba. Chikwamacho sindinalole kuti kondakitala achiponye kumbuyo pamodzi ndi madengu a nsomba. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira.

"Achimwene, mwachikumbatira chonchi muli chiyani?"

"Muli amayi anga, bwana."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anangotibayibitsa.

Ku labotale ndinapezako mnzanga wa kusekondale, ndipo poona nkhope yanga anandilowetsa kuti ndione ntchito yawo. Ine ndinkayesa kuti amangoika mnofu pa maikulosikopu n'kuwerenga yankho pomwepo ngati za malungo. Ayi ndithu. Kachidutswako amakachotsa madzi, amakakwirira m'phula longa la kandulo, likauma amasenga timagawo topyapyala kuposa khungu la anyezi. Akatiyala pa galasi amatidaya, maselo n'kuoneka ofiirira ndi a papo. Apo ndi pomwe dokotala wa pathology amaona ngati ndi khansa kapena ayi.

Koma gawo limene linandigwira mtima ndi lachiwiri. Pa khansa ya m'mawere amafufuzanso zizindikiro zitatu: ER, PR ndi HER2. Amathira mankhwala omwe amakakamira pa chizindikiro chokhacho chomwe akuchifuna, ndipo chikakhalapo, pagalasipo pamasanduka bulauni ngati tiyi wopanda mkaka. Mnzangayo anandionetsa magalasi awiri a anthu ena, opanda mayina. Limodzi linali lodzaza timadontho tabulauni, lina mbee. "Onsewa kuwagwira ndi dzanja ndi chotupa chimodzimodzi," anatero. "Koma mankhwala awo sangafanane."

Tinadikira masabata asanu ndi limodzi. Za masiku amenewo ndilibe zambiri zonena, kupatula kuti amayi anasiya kufunsa, ine ndinasiya kugona.

Pepala litabwera linali ndi mizere yochepa chabe. Khansa ndithu. ER positive, HER2 negative. Ine nditaona mawu oti positive mawondo anazizira, paja kwathu kuno mawu amenewa tinawazolowera pa nkhani ina ija. Koma adokotala anamwetulira.

"Mayi, khansa yanuyi imadya kuchokera ku homoni ya m'thupi mwanu yotchedwa estrogen. ER ndi pakamwa pake. Tili ndi piritsi lotseka pakamwapo, dzina lake tamoxifen. Limodzi pa tsiku, zaka zisanu."

Anafotokozanso kuti ikanakhala ya HER2, mankhwala ake ndi trastuzumab, odula kwambiri moti banja ngati lathu likanagulitsa bwato ndi maukonde omwe osakwanitsabe. Ndipo ilipo ina yomwe zizindikiro zonse zitatu palibe, imene tamoxifen saigwira n'komwe ndipo nthawi zambiri imathamanga.

Apa ndi pomwe amayi anafunsa funso lomwe ndinkaliopa.

"Nanga ya mng'ono wanga inali iti?"

Adokotala anandiyang'ana. Ineyo ndi amene ndinkasunga buku la kuchipatala la amayi aang'ono, ndipo ndinali nditalitsegula kale kangapo. M'bukumo simunalembedwe kanthu za ER kapena HER2. Anafika kuchipatala bere litaphulika kale chilonda, atataya chaka chathunthu kwa asing'anga, ndipo enafe ndife tinkawaperekeza. Mlandu umenewo ndi wathu pabanja, sindiukankhira wina.

Piritsi lokha silinali lokwanira, opareshoni inkafunikabe. Amayi anakhala chete mpaka tinatuluka panja. Titafika pa Bakili Muluzi Bridge anauza wakabaza kuti aime, anatsika, n'kuyang'ana madzi a Shire kwa nthawi ndithu.

"Mwanangu, kawauze adokotala aja andilembe tsiku. Koma lisakhale Loweruka, ndili ndi oda ya usipa."

Anawalembera Lachiwiri. Za m'chipinda cha opareshoni ndi mmene tinavutikira kupeza magazi, tikumane m'gawo 15.