Ngongole ya nyumba tikuithamangitsa, koma mpamba wa shopu sitiukhudza

Nyumba yathu ili ku Machinjiri, ya zipinda zitatu, ndipo mapepala ake akadali ku banki ngati chikole. Tinaigula mu 2021 ndi ngongole ya K20 miliyoni yobweza zaka 15, titaphatikizapo ndalama za malo athu a ku Chileka omwe tinagulitsa. Ngongoleyo inatuluka m'dzina la abambo akunyumba, chifukwa iwo ali pa ntchito yolembedwa ndipo malipiro awo amadzera ku banki komweko. Ine ndine telala. Ndili ndi kashopu ku Limbe, makina atatu, ndi atsikana awiri ondithandiza. Ndimasoka mayunifomu a sukulu, zovala za ukwati ndi chinkhoswe, ndi za amayi a mvano akandipatsa oda. Munthu ngati ine a banki savomera msanga, chifukwa amafuna kuona ndalama yolowa mofanana mwezi uliwonse, pomwe kusoka sikuyenda choncho.

Posaina, chiwongoladzanja chathu chinali 17 peresenti pa chaka, ndipo amatidula K308,000 pa mwezi. Inali yolemera koma yonyamulika. Chiwongoladzanjacho sichinali chokhazikika, ndipo m'mapepala analemba momveka kuti chidzitsata mmene zinthu zikuyendera m'dziko. Nthawi imeneyo Reserve Bank of Malawi inali itaika policy rate, chiwongoladzanja chomwe mabanki ena amatsatira, pa 12 peresenti. Mu 2022 inayamba kukwera, ndipo pofika Febuluwale 2024 inali pa 26. Pakati pomwepo kwacha inagwetsedwa kawiri, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chiwongoladzanja chathu chinafika pa 30, ndipo yodula pa mwezi inafika K489,000. Malipiro a abambo anakwerako pang'ono, koma ndalama yoposa theka inkathera pomwepo isanafike n'komwe pakhomo.

Apa m'pamene shopu inasanduka nkhokwe ya banja. Ufa, ndiwo, mayunitsi a magetsi, madzi, fizi ya ana atatu, thiransipoti ya tsiku ndi tsiku yochokera ku Machinjiri kupita ku Limbe, zonsezi zinatsamira pa makina anga.

Chomwe chinandiwawa mtima ndi sitetimenti yomwe tinakatenga pakati pa 2024. Tinali tabweza zaka zitatu osaphonya mwezi, koma ngongole inali ikadali pafupifupi K19 miliyoni. Ndinakhala pa benchi m'banki muja ndi pensulo, n'kuwerengera kuseri kwa pepalalo. Pa K489,000 ya mwezi umenewo, K475,000 inali chiwongoladzanja, ndipo yochepetsa ngongole yeniyeniyo inali K14,000 yokha. Zinali ngati makina akulira, singano ikukwera ndi kutsika, nsalu ikuyenda, koma ulusi wapansi unatha kalekale. Banki sinatibere ayi. Ngongole yaitali imayenda choncho: chiwongoladzanja amawerengera pa ndalama yotsala, ndiye zaka zoyambirira, yotsalayo ikadali yaikulu, pafupifupi zonse zimene ukupereka zimapita ku chiwongoladzanja.

Koma masamu omwewo ali ndi mbali ina yokoma, ndipo ndi imene inatidzutsa. Ngati chiwongoladzanja ndi 30 peresenti pa chaka, K1 miliyoni iliyonse yomwe uli nayo ngongole ikukudyera K25,000 pa mwezi. Ukaichotsa lero, K25,000 ija imayamba kugwera pa ngongole yeniyeni mwezi uliwonse, ndipo nayonso imachepetsa chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira. Tinapempha mlangizi wa ngongole kuti atiwerengere pa kompyuta. Anatembenuza sikirini kuti tione. Tikaponyapo K1 miliyoni kamodzi kokha, n'kupitiriza kupereka K489,000 yomweyo, miyezi 144 yotsala imatsika kufika pafupifupi 102. Zaka zitatu ndi theka zofufutika ndi miliyoni imodzi. Abambo anavula magalasi n'kupukuta, n'kunena kuti awerengerenso. Zinatuluka chimodzimodzi.

Pali zinthu ziwiri zomwe mlangiziyo anatiuza zomwe ndikufuna aliyense amene ali ndi ngongole yotere azidziwe. Kungoponya ndalama mu akaunti yomwe amadulako sikuchepetsa ngongole. Ndalamayo imangokhala pamenepo kudikira tsiku lodula, chiwongoladzanja chikuwerengedwabe pa ndalama yonse. Ku banki yathu timalemba kalata yonena kuti ndalama iyi ipite ku principal, kutanthauza ngongole yeniyeni ija, abambo amasaina, ndipo ife timatenga kope yodindidwa. Pakatha sabata timapempha sitetimenti kuti tione ngati yotsala yatsikadi. Chachiwiri, amakufunsa ngati ukufuna achepetse yodula pa mwezi kapena achepetse zaka. Ife tinasankha zaka, chifukwa phindu lalikulu lili kumeneko. Munthu amene malipiro akumuthina kwambiri akhoza kusankha zochepetsa ya pa mwezi, ndipo sindingamunene. Musanayambe, werengani mgwirizano wanu kapena funsani ngati pali chilango chobweza msanga, chifukwa mabanki amasiyana. Wathu unalibe.

Tsono vuto linabwera pa funso lakuti miliyoniyo ichokera kuti.

Abambo atangoona masamu aja, moto unawagwira. Madzulo ena, ana atagona, anandiuza kuti, "Mayi, mu akaunti ya shopu muja muli ndalama zongokhala. Bwanji tingochotsapo mamiliyoni awiri tiponye ku nyumba? Mukapeza oda mudzabwezera." Ndinawayankha kuti, "Bambo, zimene zija si ndalama, ndi nsalu ya Ogasiti." Tinakambirana mpaka usiku, ndipo sitinamvane tsiku lomwelo.

Ndifotokoze chifukwa chomwe ndinakanira, poti apa m'pamene pagona nkhani yonse kwa ife ochita bizinesi. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala. Makolo amabwera kumapeto kwa Ogasiti, onse nthawi imodzi, aliyense akufuna yunifomu mawa. Kuti ndiwakwanitse, ndiyenera kugula mipukutu ya nsalu, zipi, mabatani ndi ulusi mu Juni kapena Julayi, n'kuyamba kudula ndi kusoka masaizi osiyanasiyana anthu asanabwere. Nsalu zambiri za m'mashopu a ku Limbe zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa mu Novembala 2023 ndinaona ndi maso anga mitengo ikusinthidwa pa mashelefu sabata yomweyo. Amene anali ndi nsalu kale anapulumuka, amene anali ndi ndalama m'manja anagula zochepa. Mpamba wanga ukazungulira bwino pa nyengo ya mayunifomu umabweretsa phindu loposa 30 peresenti ija m'miyezi itatu yokha. Ndikauchotsa kuti ndichepetse ngongole ya nyumba, Ogasiti akafika ndidzasowa nsalu, ndipo ndidzakakongola ku banki m'khonde komwe gulu lathu limabwereketsa pa 20 peresenti pa mwezi. Pa mwezi, osati pa chaka. Zikavuta kwambiri, ndiye kwa akatapila, kumene munthu umalowa ndi makina atatu n'kutuluka ndi amodzi. Komanso ndalama ikapita ku principal sibwereranso. Sungapite ku banki n'kunena kuti mundibwezere ija ndinaponya mu Meyi, mwana wadwala.

Tinagwirizana pamapeto pake kuti ku nyumba kuzipita phindu lokha, ndipo phindu ndi ndalama yotsala zina zonse zitachotsedwa. Kuti tidziwe kuti yotsala ndi iti, ndinayenera kulekanitsa ndalama za shopu ndi za pakhomo, zomwe zinandivuta kuposa kusoka diresi la mkwatibwi. Kasitomala akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama imagwera mu foni yomwe ndimagulira tomato. Ndinagula simu ina ya shopu yokha. Ndimadzilipira ndekha malipiro okhazikika pa mwezi, monga mmene ndimalipirira atsikana anga, ndipo pakhomo timadya amenewo basi. Mwezi wa Disembala, maukwati ali mbwee, malipiro anga ndi omwewo. Mwezi wa Febuluwale, pamene anthu akulimbana ndi kugula chimanga ndipo palibe woganiza zosoketsa, malipiro anga ndi omwewonso, ochokera pa zomwe Disembala anasiya.

Za msonkho ndimazipatula tsiku lomwe ndalama yalowa. Sukulu zina zikamalipira zimadula withholding tax, msonkho wochotseratu pa malipiro, ndipo ndimaonetsetsa kuti andipatsa satifiketi yake, chifukwa ku MRA imachotsedwa pa msonkho womwe ndiyenera kupereka. Masatifiketiwo ndimasunga mu chitini cha mabisiketi pamodzi ndi malisiti a nsalu. Ndalama ya msonkho ikakhala mu akaunti imaoneka ngati yako, ndipo ndi yosavuta kuiponya ku nyumba n'kumadziona wochenjera mpaka tsiku lolipira litakwana.

Palinso thumba la zadzidzidzi, lomwe abambo poyamba ankaliona ngati kuwononga. Amati ndalama yogona mu akaunti ikupindula pang'ono pomwe ngongole ikudya 30. Pa masamu akunena zoona. Koma ife tinaona namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 madzi ndi matope zitatsika m'phiri la Soche, nyumba ya achemwali anga ku Chilobwe inapita, ndipo iwo ndi ana awo anadzakhala kwathu mpaka atapeza pogwira. Pakhomo pa anthu asanu panakhala anthu khumi. Shopu inaima chifukwa magetsi kunalibe ndipo misewu inali yoduka. Chomwe chinatisunga miyezi imeneyo ndi kandalama komwe kanali pambali, ndipo banki inadula yake pa tsiku lake osaphonya. Kwathu kuno zadzidzidzi sizichedwa: maliro kumudzi ku Thyolo, apongozi kudwala, mwana wa mlongo wako kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Sungauze abale kuti pepani, ndalama zonse ndaponya ku principal. Ndiye timasunga zokwana kudya miyezi itatu, ndipo zikachepa timayamba tadzaza kaye thumbalo tisanaganize za banki.

Alamu anga, ang'ono awo a abambo, amagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo iwo amati tikulakwitsa. Mfundo yawo ndi yakuti pamene mitengo ya zinthu ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka, monga zinalili mu 2024, ngongole imadzichepetsa yokha. Anandiuza kuti, "Alamu, K19 miliyoni ya lero, pakatha zaka khumi idzakhala ndalama yogulira njinga yamoto. Mukuthamangiranji? Gulani malo, gulani simenti." Ndinawamvetsera bwino chifukwa si munthu wolankhula zopanda mutu. Zimene akunenazo zimagwira kwa munthu amene chiwongoladzanja chake n'chokhazikika, ndiponso amene ndalama zomwe amapeza zikukwera limodzi ndi mitengo. Ife chiwongoladzanja chimakwera mitengo ikakwera. Malipiro a abambo amatsalira m'mbuyo. Ine ndikakweza mtengo wa yunifomu mofanana ndi mmene nsalu yakwerera, makolo amapita kukaunjika pa msika wa Limbe kukafuna malaya oyera ndi buluku lotuwa. Ndimakweza pang'onopang'ono, ndikuyang'ana nkhope za anthu. Malo ndi abwino, sindikana, koma malo sakupatsa ndalama pa tsiku la 25 la mwezi pamene banki ikudula. Pa nsalu pokha ndi pomwe ndimagwirizana nawo: ndikakhala ndi ndalama mu Juni, nsalu imayamba, banki imabwera pambuyo.

Choncho ndalama zowonjezera ku nyumba sizipita mwezi uliwonse. Zimapita nyengo ya mayunifomu ikatha mu Okutobala, ndikawerengera zonse, komanso mu Disembala tikagawana za banki m'khonde. Zogawana zija kale zinkathera pa Khirisimasi, nkhuku, mpunga, zovala za ana. Tsopano timapatulako ya mpunga ndi nkhuku, yotsala yonse ikupita ndi kalata. Abambo nawonso akalandira alawansi ya ulendo wa kuntchito amaika pomwepo. Pali zomwe tasiya. Mpanda wa njerwa sitinamange, tikadali ndi wa udzu mbali ya kumbuyo. Galimoto tinaiwalako, timakwera minibasi. Mwana wathu wamkulu anafuna foni yatsopano atakhoza mayeso a Fomu 2, ndipo ndinamukhazika pansi n'kumuonetsa sitetimenti, mzere wa chiwongoladzanja ndi mzere wa principal. Sanasangalale, koma anamva. Fizi yokha sitinaichepetsepo, ngakhale kusuntha ana kupita kusukulu yotchipa, chifukwa sindikufuna nyumba yopanda ngongole yokhala ndi ana omwe tinawadula maphunziro.

Sitetimenti ya mwezi watha ikuonetsa K15.6 miliyoni. Pa K489,000 yomwe akudula, pafupifupi K99,000 tsopano ikupita ku ngongole yeniyeni, kuchoka pa K14,000 ija. Chaka chino mwina sitiponya zambiri, chifukwa makina a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu, akutha ndipo makaniko wandiuza kuti kukonza kwakwana, ndigule ena. Abambo anafunsa ngati sangadikire mpaka chaka chamawa kuti ya Okutobala ipite yonse ku banki. Ndawauza kuti apite nane ku shopu Loweruka akamve okha mmene akulirira, kenako tikambirane.