Kuyenda mu London wa punk, ndi kugula positala osakupusitsani

Malo amene nyimbo za punk, mtundu wa rock waphokoso ndi wogalukira, zinaphukira mu London mu 1976 ndi 1977 amayendeka masiku awiri: Lachisanu kuona malowo, Loweruka kukagula mapositala ku msika wa Portobello Road. Musasinthanitse masikuwa. Munthu wofika pamsika asanadziwe kuti bandi iti inaimba kuti ndiponso liti, ndiye amene amagula zabodza.

Tsikani sitima ya pansi pa nthaka pa Sloane Square, mukwere basi nambala 11 kapena 22 kulowera kumadzulo mu King's Road mpaka pa nambala 430. Apa ndi pamene Malcolm McLaren, manijala wa bandi ya Sex Pistols, ndi Vivienne Westwood ankagulitsa zovala. Mu 1974 sitoloyi inkatchedwa SEX, kenako Seditionaries, pano ndi Worlds End. Muizindikira ndi wotchi yaikulu ya maola 13 yoyenda chobwerera m'mbuyo. Ndi kasitolo kakang'ono, mphindi khumi zikukwanani.

Nthawi yambiri muisungire dera la Tottenham Court Road, komwe malo atatu ali moyandikana. 100 Club ili pa 100 Oxford Street, chipinda cha pansi, ndipo mabandi akuimbabe mpaka lero, kotero gulani tikiti ya madzulo kuti muone mkati. M'menemo munachitika chikondwerero cha pa 20 ndi 21 September 1976: tsiku loyamba Sex Pistols, The Clash, Subway Sect ndi Siouxsie and the Banshees, lachiwiri The Damned ndi Buzzcocks pamodzi ndi ena. Kuseri kwa 6 Denmark Street ndi kumene a Sex Pistols ankaphunzirira nyimbo, ndipo zojambula za woimba wawo John Lydon pakhoma zinathandiza kuti boma liwonjezere chitetezo cha nyumbayo mu 2016. Kalabu ya Roxy, pa 41-43 Neal Street, kumene Don Letts ankaika ma rekodi a reggae podikira bandi ina, inatsekedwa mu 1978. Mungodutsapo, lero ndi sitolo wamba.

Loweruka lawirirani. Kuchokera pa siteshoni ya Ladbroke Grove, yambirani ku sitolo ya ma rekodi ya Rough Trade pa 130 Talbot Road. Geoff Travis anatsegula sitoloyi mu 1976 pa Kensington Park Road isanasamukire apa, ndipo makoma ake ndi odzaza mapositala akale. Ayang'anitsitseni, maso azolowere mmene pepala la zaka pafupifupi 50 limaonekera. Mukatero lowani mumsika.

Nyamulani tepi yoyezera ndi galasi lokulitsa ka 10. Mapositala a ku Britain a nthawiyo ankadulidwa mu mainchesi: 20 x 30, amene amati double crown, kapena 30 x 40, amene amati quad. Likakwana ndendende A2 kapena A1, kayikirani. Pagalasi, inki yopakidwa kudzera pa sefa imaoneka yogwirana, yokhuthala, nthawi zina mitundu itaphonyana pang'ono m'mbali. Makina osindikizira a offset amasiya timadontho tandondomeko pa zithunzi. Timadontho tomwazika mwachisawawa ndi ta printa ya kompyuta, ndipo pepalalo si la 1977.

Werenganinso zolembedwazo. Nambala za foni za London zinkayamba ndi 01 mpaka 1990, ndiye 071, 0171 kapena 020 zikuwulula kuti ndi la pambuyo pake. Tsiku ndi deti zigwirizane: 20 September 1976 linali Lolemba. Koma positala la konsati imene sinachitike sikuti ndi labodza ayi. A Sex Pistols atatukwana pa TV pocheza ndi Bill Grundy pa 1 December 1976, makonsati ambiri a ulendo wawo wa mwezi umenewo analetsedwa mapepala atasindikizidwa kale.

Ovuta kwambiri ndi timapepala ta A4 toitanira anthu. Tambiri tinali fotokope kuyambira pachiyambi, kotero fotokope ya dzana imafanana nato. Apa chofunika ndi mbiri ya pepalalo: wogulitsa analitenga kwa ndani, ndipo angalembe pa risiti kuti ndi la chaka chimenecho? Akakana, lipirani mtengo wa kope. Achinyengo amaviika pepala mu tiyi kuti lioneke lakale, koma tiyi amadetsa paliponse mofanana, pamene ukalamba weniweni umayambira m'mbali ndi m'mizere yopinda. Zojambula za Jamie Reid, wokonza mapositala a Sex Pistols amene anamwalira mu 2023, zinasindikizidwa kambirimbiri, zina atasainira yekha. N'zabwino ndithu, koma si za m'khoma la 1977.

Mukagula, likulungeni momasuka ndi pepala lopanda asidi, mulilowetse m'chubu cha katoni chosachepera masentimita 8 m'mimba mwake. Chopapatiza chimathyola inki yokhuthala ija. Osaika selotepi, osachita lamineti: guluu wake amalowerera m'pepala ndipo mtengo umagwa. Inki yowala ya pinki ndi yachikasu imasuluka msanga padzuwa, ndiye khoma loyang'anizana ndi windo silabwino. Wopita nalo kumudzi aliike m'thumba la polyester, osati PVC, m'kabati youma yotalikirana ndi khoma, chifukwa chinyezi cha dzinja chimabala madontho ofiirira amene sachoka.